Kudutsa mapiri ataliatali pa njinga yogonera ya matayala atatu: kukwera si vuto, samalani potsika

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri moti ndangoti bola ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano. Anthu akaona trike, njinga ija ya matayala atatu yomwe umakhalapo chotsamira miyendo ili kutsogolo, amafunsa chimodzimodzi: kodi chimenechi chingakwere phiri? Eya chimakwera, pang'onopang'ono koma chimakafika. Chomwe anthu safunsa, chomwenso chimavulaza, ndi kutsika tsidya linalo uli ndi katundu, nde ndikafika pamenepo ndichedwapo.

Ma trike alipo a mitundu iwiri. Pali ya matayala awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, imeneyi amaitcha tadpole, ndiyo amapanga kwambiri makampani ngati ICE, HP Velotechnik, AZUB ndi Catrike. Ina ndi delta, limodzi kutsogolo awiri kumbuyo, ngati Kettwiesel ya Hase. Ine ndimayendera tadpole ndipo zomwe ndikulemba apa ndi za imeneyo.

1. Yambani ndi magiya, zina zonse pambuyo

Pa njinga wamba chitunda chikakula umaimirira n'kupondereza pedulo ndi thupi lonse. Pa trike zimenezo kulibe, muli ndi miyendo yanu ndi mpando womwe mwatsamirawo basi. Koma mbali inayi trike siigwa, olo muziyenda liwiro la munthu woyenda pansi simupendama, nde giya yotsika kwambiri yomwe pa njinga ya matayala awiri ingakhale yopanda ntchito, kuno ndiyo imakukwezani phiri.

Masamu ake ndi osavuta. Werengani mano a giya yaying'ono ya kutsogolo, gawani ndi mano a giya yaikulu ya kumbuyo, chulukitsani ndi kukula kwa tayala lakumbuyo m'mainchesi. Nambala yotulukayo ikachepa nde kuti giyayo ndi yopepuka. Mano 22 kutsogolo, 36 kumbuyo, tayala la mainchesi 20, zikupatsani 12 ndi pang'ono. Magiya omwewo pa tayala la 26 akupatsani pafupifupi 16, ndipo kusiyana kumeneko mawondo anu adzakumva pa tsiku lachitatu. Ine pa ulendo wa m'mapiri ndi katundu sindinyamuka ngati giya yanga yotsikitsitsa ili pamwamba pa 15. Pa 12 paja, mukazunguza mapedulo kamodzi mumayenda pafupifupi mita imodzi, mukamazunguza ka 70 pa mphindi nde kuti mukuyenda makilomita 4 pa ola. Zikumveka zochepa koma mukhoza kutero tsiku lonse osavulala.

Amene ali ndi ndalama amaika habu ya Rohloff ya magiya 14 omwe ali mkati, yabwino chifukwa umatha kusintha giya utaima, kapena Schlumpf Mountain Drive yomwe imatsitsa giya iliyonse ka 2.5. Ndi zida zabwino koma si zokakamiza. Cholakwika chomwe ndimaona kawirikawiri ndi kugula trike momwe yabwerera ku shopu n'kuganiza kuti poti ili ndi magiya 27 kapena 30 nde kuti ndi ya m'mapiri. Kuchuluka kwa magiya sikunena kanthu, funsani za yotsikitsitsayo.

2. Zoloweretsani miyendo, ndipo mapazi amangidwe ku mapedulo

Olo mukhale kuti mwapalasa njinga wamba zaka makumi awiri, trike imagwiritsa minofu mwanjira ina, ndipo pamatenga masabata angapo kapena miyezi kuti miyendo izolowere. Musagule mwezi uno n'kukakwera mapiri a Alps ku Ulaya mwezi wamawa. Pezani chitunda chachitali chomwe mungachifikire, pakirani katundu yense amene mudzanyamule, muzikwera n'kutsika mobwerezabwereza.

Chitsulo cha kutsogolo chomwe chimanyamula mapedulo amachitcha boom, chimatha kufupikitsidwa kapena kutalikitsidwa. Chiikeni poti pedulo ikakhala patali penipeni bondo likhale lopindika pang'ono. Kutsogolo kwa bondo kukamapweteka nthawi zambiri nde kuti boom yafupika kapena mukukankha giya yolemera, kuseri kwa bondo kukamakoka nde kuti yatalika. Sinthani pang'onopang'ono, mamilimita ochepa nthawi imodzi.

Ichi chokha musachinyozere: mapazi azikhala okoledwa ku mapedulo, kaya ndi nsapato zapadera zokola zija kaya ndi malamba ogwira chidendene. Phazi likapulumuka muli pa liwiro limagunda pansi, trike n'kupitirira, mwendo n'kukokedwera pansi pa chitsulo chopingasa chomwe chimagwira matayala akutsogolo. Anthu athyokapo miyendo mwanjira imeneyi. Pa msewu wa mabampu potsika phiri ndi pomwe zimachitika.

3. Katundu akhale pansi, ndipo akhale wochepa

Kilo iliyonse mudzaikweza nokha mamita zikwizikwi, nde chilichonse chomwe mukukayikira chisiyeni. Zolemera monga madzi, zida ndi chakudya ziike m'zikwama za m'mbali mwa mpando kapena pansi pa keliyala, pafupi ndi msana wanu. Pamwamba pa keliyala pakhale zopepuka zokha, tenti kapena chogonera. Mukaunjika zolemera pamwamba kumbuyo, trike imayamba kugwedezeka mchira ndipo pa kona imafuna kugudubuzika msanga.

Pa zosinthira, kumbukirani kuti kumapiri simudzapeza zida za trike. Tayala la mainchesi 20 lilipo la mitundu iwiri yosalowana, la 406 ndi la 451, werengani nambala pa tayala lanu musanagule chubu. Nyamulani tayala limodzi lopindika la saizi iliyonse yomwe muli nayo, machubu, zigamba, masipoko ochepa, mapadi a mabuleki mapeyala awiri kapena kuposa, waya wa giya wautali woti n'kufika kumbuyo, ndi zolumikizira tcheni. Tcheni cha trike n'chachitali, pafupifupi matcheni atatu a njinga wamba olumikizidwa, ndipo chimadutsa pa kawilo kakang'ono pansi pa mpando komwe amakatcha idler, kameneko muzikayang'ana chifukwa kamalandira mphamvu yonse pokwera. Musananyamuke yezaninso ngati matayala awiri akutsogolo aloza mofanana. Akasiyana ndi mamilimita ochepa chabe amadyeka msanga ndipo mumakhala ngati mukupalasa mabuleki atagwira.

4. Konzani ulendo poyang'ana mamita okwera, osati makilomita

Mukamati tsiku lililonse ndiziyenda makilomita 80, phiri lidzakutsutsani tsiku loyamba lomwe. Stelvio ku Italy, mpata womwe msewu umadutsa powoloka mapiri a Alps, pamwamba pake ndi mamita 2,757, ndipo mukayambira ku Prato, mudzi wa m'munsi mwa phirilo, ndi makilomita pafupifupi 24 okha, koma mumakwera mamita pafupifupi 1,800 kudutsa makona 48 obwerera m'mbuyo. Pa makilomita 4 kapena 5 pa ola nde kuti maola asanu kapena asanu ndi limodzi mukupalasa, osawerengera kupuma. Tsiku latha pamenepo. Yambani m'mamawa kwambiri chifukwa m'mapiri ambiri mvula ya mabingu ndi mphepo zimakonda kubwera masana.

Yang'ananinso nyengo. Mipata yaitali ya ku Alps monga Stelvio, Galibier ndi Iseran imatsekedwa m'nyengo yachisanu, nthawi zambiri imatseguka cha kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni mpaka cha mu Okutobala. Msewu wa Manali kupita ku Leh ku India nawo umadutsika miyezi yofunda yokha. Ku mapiri a Pamir ku Tajikistan pamafunika chilolezo chapadera cha dera la Gorno-Badakhshan, lomwe mwachidule amati GBAO, kuwonjezera pa zoyendera zanu zina, ndipo za malire muzifufuza nthawi yomwe mukunyamuka chifukwa zimasinthasintha.

5. Lipatseni thupi nthawi yozolowera kumwamba

Mukadutsa mamita 2,500 matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya pamalo okwera akhoza kugwira aliyense, wamphamvu ndi wofooka yemwe. Zizindikiro zake ndi mutu, mseru, chizungulire, kusafuna kudya ndi kusowa tulo. Lamulo lomwe madokotala a za m'mapiri amapereka ndi loti mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mupume tsiku limodzi osakwera. Chofunika ndi pomwe mukugona, masana mukhoza kudutsa mpata wautali bola mukagone kunsi.

Apa kuchedwa kwa trike kumakuthandizani chifukwa simukwera msanga, koma njira yomwe mwasankha imasintha zinthu. Pa msewu wa Pamir Highway mukachokera ku Dushanbe, likulu la Tajikistan, kudzera m'tawuni ya Khorog mumakwera pang'onopang'ono masiku ambiri musanafike pa mpata wa Ak-Baital, mamita 4,655. Mukachokera ku Osh ku Kyrgyzstan, m'masiku ochepa mwafika kale pa mpata wa Kyzyl-Art pamwamba pa mamita 4,200. Choopsa china ndi kukwera galimoto kuti mudumphe gawo lovuta n'kukatsitsidwa pamwamba thupi lisanazolowere.

Mutu ukamapweteka musakwerenso tsiku limenelo. Mukayamba kubanika muli chikhalire, kutsokomola zathovu, kudzandira kapena kusokonezeka maganizo, imeneyo ndi ngozi yoti n'kupha, tsikani phirilo nthawi yomweyo olo ndi usiku, koma musatsike mukuyendetsa nokha trike mutu usakugwira, imitsani galimoto. Za mankhwala a acetazolamide, omwe ambiri amawadziwa kuti Diamox, kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Kanthu kena kakang'ono: pa trike nkhope imayang'ana kumwamba tsiku lonse ndipo dzuwa la kumapiri limawotcha olo kukuzizira, dzolani mafuta oteteza, milomo yomwe, ndipo valani magalasi.

6. Kukwera kwenikweniko

Apa palibe zambiri. Tsitsani giya chitunda chisanakulemereni, zunguzani mapedulo mopepuka, musakankhe mpando ndi msana ngati mukufuna kuuthyola chifukwa mawondo ndi amene amalipira. Mukatopa imani pomwepo, gwirani buleki yoimikira, imwani madzi muli chikhalire, kenako pitirizani. Musanaime onetsetsani kuti muli pa giya yopepuka kuti kunyamuka kusavute. Mapazi akachita dzanzi, zomwe zimachitika poti ali m'mwamba, masulani nsapato pang'ono, tsikani muyendeyende mphindi zingapo.

7. Msewu wa miyala, magalimoto ndi agalu

Njinga wamba imasiya mzere umodzi, trike imasiya itatu, nde dzenje lomwe mwalizemba ndi tayala lakumanja mumalipeza ndi lakumbuyo. Pa chitunda cha miyala yosakhazikika tayala lakumbuyo limazungulira pamalo amodzi. Phwetsaniko mpweya pang'ono, pondani mofatsa osadzidzimutsa, zikakanika tsikani. Kukankha trike kumapweteka msana chifukwa ndi yaifupi, ine ndimanyamula chingwe, ndimaitembenuza n'kumanga ku keliyala n'kumaikoka chammbuyo, pena kuchotsa zikwama n'kuyenda maulendo awiri.

Galasi loonera kumbuyo ndi lofunika kuposa mbendera, koma khalani nazo zonse. Pa kona yobisika woyendetsa lole sakuonani msanga, mverani injini, mukaimva ikubwera patukani muime. Mu tunnel, msewu woboola mkati mwa phiri, musalowe opanda magetsi kutsogolo ndi kumbuyo. Agalu olondera ziweto amafika mutu wawo uli pamlingo wa nkhope yanu, ndipo pokwera simungawathawe, nde imani, imirirani, trike ikhale pakati pa inu ndi galuyo mpaka mwini wake abwere kapena atope.

8. Kutsika

Tafika pomwe ndimafuna. Yambani ndi kumvetsa chomwe mabuleki akuchita. Inu, trike ndi katundu tinene kuti ndinu makilo 120. Mukatsika mamita 1,000, mphamvu yomwe iyenera kutayika ndi yokwana kutenthetsa malita atatu ndi theka a madzi ozizira mpaka kufika powira. Ina imatengedwa ndi mphepo ndi matayala, koma trike ndi yaifupi, imaboola mphepo mosavuta, nde gawo lalikulu limathera pa tizitsulo tiwiri tozungulira ta mabuleki akutsogolo, tomwe amatitcha madisiki. Mipata yambiri mumatsika kuposa mamita 1,000 amenewo.

Musanayambe, muli pamwamba pomwepo, chitani izi mosathamanga. Vulani malaya onyowa ndi thukuta, valani ouma, jekete yotchinga mphepo ndi magolovesi ofunda. Mamita 1,000 aliwonse okwera kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6 kapena 7, ndipo potsika simupalasa, mphepo imangokumenyani. Zala zikauma ndi chisanu simutha kufinya buleki bwinobwino ndipo simuzindikira kuti mphamvu yathawa. Idyani kanthu. Kenako yang'anani mapadi kuti atsala bwanji, finyani buleki iliyonse payokha, gwedezani matayala akutsogolo kuona ngati palibe chokhwepa, kokani malamba a zikwama, ndipo chingwe chilichonse cholendewera chimangidwe chisakalowe m'masipoko.

Cholakwika chachikulu ndi kugwira mabuleki pang'ono osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu amachita zimenezi chifukwa cha mantha ndipo amaona ngati akusamala, koma mabuleki sapeza mpata wozizira. Njira yake ndi iyi: sankhani liwiro lomwe simukufuna kulipitirira, lolani trike ifike pamenepo, finyani mwamphamvu masekondi ochepa liwiro litsike ndithu, kenako siyani kwathunthu mphepo iziziritse. Bwerezani choncho. Pamene patsetsereka kwambiri moti simungasiye buleki olo pang'ono, tsikani pang'onopang'ono kwenikweni ndipo muziima pafupipafupi. Ine ndili ndi katundu ndimaima pakatha makona angapo, kapena ndikatsika mamita 200 kapena 300, ndimakhala mphindi zisanu. Palibe amene akukuthamangitsani.

Phunzirani kumva mabuleki akamadandaula. Fungo lopserera ndi chenjezo loyamba. Chogwirira chikakhala cholimba bwinobwino koma trike osachepetsa liwiro, mapadi atentha mopitirira. Ngati mabuleki anu ndi a mafuta ndipo chogwirira chayamba kufewa n'kumafika ku handulo, mafuta awira mkati, imeneyo nde yoopsa zedi, popani chogwiriracho kangapo msangamsanga ndipo imani pamalo oyamba omwe mungathe. Mafuta akale a mtundu wa DOT amayamwa chinyezi n'kumawira msanga, asintheni musananyamuke. Mapadi achitsulo amapirira kutentha kuposa ofewa aja ngakhale amalira. Mabuleki a dramu, omwe amakhala otsekeredwa mkati mwa habu, ngati a Sturmey Archer, saopa matope ndipo amakhalitsa, koma nawonso amafooka akatentha, ngati mukusankha tengani a mamilimita 90 osati a 70.

Mukaima kuti zizizire musakhudze disiki. Ine ndinaikhudzapo ndi chala kuti ndione ngati yazizira, khungu linasanduka loyera pomwepo ndipo masiku anayi otsatira ndinkafinya buleki ndi zala zina. Bweretsani kuseri kwa dzanja pafupi, kutentha mukumva osaikhudza. Musaithire madzi, imapindika. Musasiyenso mapadi atakanikiza disiki yotentha, imikani trike mopingasa kapena ikani mwala kutsogolo kwa tayala n'kusiya mabuleki omasuka.

Tsopano manja. Pa tadpole zambiri dzanja lamanja limagwira tayala lakumanja, lamanzere lakumanzere. Mukafinya mbali imodzi kwambiri trike imakokera komweko, pa liwiro lalikulu zimenezi zikhoza kukupititsani pakati pa msewu kapena kuphompho. Finyani zonse pamodzi mofanana, ndipo yesererani pamalo athyathyathya mpaka manja azolowere. Ngati mukufuna kusonyeza ndi dzanja kuti mukukhota, chepetsani liwiro kaye. Buleki yakumbuyo, ngati ilipo, ndi yoimikira. Mukaikoka muli pa liwiro tayala lakumbuyo limauma, mchira n'kutsetserekera kumbali, trike n'kugudubuzika. Mahandulo agwireni momasuka, zigongono zofewa, chifukwa mukaumitsa manja kabampu kalikonse kamasanduka kukhota. Ndipo pa liwiro lalikulu lekani kupalasa, miyendo ikamazungulira msanga imagwedeza trike uku ndi uku.

Makona ndi pomwe anthu ochokera ku njinga wamba amapusitsika. Njinga ya matayala awiri imapendekera mkati mwa kona yokha, trike ayi, imakhala chilili ndipo mphamvu yonse imafuna kuitembenuzira kunja. Nde mabuleki onse amalizeni kona isanayambe, msewu udakali wowongoka. Polowa, sunthani mapewa ndi mutu mkati mwa konayo, osati pang'ono, tulukani ndithu pa mpando mpaka phewa likhale pamwamba pa tayala lamkati. Maso ayang'ane komwe mukutulukira. Pa makona obwerera m'mbuyo aja, ndili ndi katundu, ndimalowa pa liwiro loti munthu wothamanga pang'ono akhoza kundipeza.

Tsiku lomwe tayala langa lamkati linanyamuka ndimalikumbukira bwino. Inali kona yakumanja, phula labwino, koma msewu unapendekera kunja m'malo mwa mkati ndipo sindinaone. Ndinangomva handulo yakumanja yapepuka, kuyang'ana pansi tayala likuzungulira m'mwamba osagunda kanthu. Thupi limakuuza kuti khota kwambiri uthawe m'mphepete, koma kutero ndiko kumaliza kugudubuzika. Choyenera ndi kuwongola mahandulo pang'ono ndi kuponyera thupi mkati, tayala likatera pansi ndi pomwe mufinye mabuleki onse awiri. Kuti zimenezi zitheke pafunika malo otsala kunja kwanu, n'chifukwa chake simuyenera kulowa kona pa liwiro lomwe likufuna msewu wonse. Buleki ya tayala lomwe lili m'mwamba siigwira kanthu, nde mukafinya nthawi imeneyo ndi lakunja lokha lomwe likugwira ntchito.

Pa msewu wa miyala zonsezi zichepetseni ndi theka. Matayala ang'onoang'ono amagwera m'mabampu a malata aja, maso amanjenjemera mpaka osaona bwino, ndipo mabawuti amamasuka okha. Komanso muli pansi kwambiri, simuona patali kuseri kwa kamtunda kapena kakhoma ka m'mbali mwa msewu, nde yendani liwiro loti mukhoza kuima mkati mwa mtunda womwe maso anu akuona, chifukwa kuseriko kukhoza kukhala nkhosa, mwala wogwa kapena madzi oundana pamthunzi.

Mukafika pansi musathamangire kukhoma tenti. Mabuleki akazizira zunguzani tayala lililonse mumve ngati disiki ikukhula, yang'anani mapadi ndi tochi, ndipo ngati atsala ochepera milimita imodzi asintheni madzulo omwewo kudakali kowala. Gwirani masipoko awiriawiri pa matayala akutsogolo chifukwa ndi amene amalandira mphamvu ya m'mbali pa makona, omasuka akungeni. Malizani ndi mabawuti a keliyala, a mpando ndi a boom.